Kamera ya Amalume Yojambula Ulere

Ndiyambe ndadziulula ndekha, anzanga a pabawo asanandiulule. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti kamera imamva. Ndinkati ikangoti khethe, imameza nkhope yako pamodzi ndi mawu amene anali pakamwa, ndipo bambo wotsuka zithunzi m'tauni akaviika filimu m'mankhwala ake, mawuwo amabwera pamwamba ngati thovu, iye n'kumatola. Sekani, koma mosamala. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma ena amene ankakhulupirira zomwezi m'Zingwangwa muja ankamanga tayi.

Kamerayo ndimaikumbukira kuposa nkhope za anthu ambiri. Inali yakuda, yolemera ngati chidutswa cha njerwa, m'makona utoto utasupuka mpaka kuonekera chitsulo chachikasu. Inkagona m'kachikwama kachikopa konunkha fodya. Mwini wake anali amalume, achimwene awo a mayi anga, amene anatulukira kwathu chaka cha riferendamu chija, chiperoni chitangoyamba, atakhala zaka zambiri ku Zambia. Chimene anapitira kumeneko palibe ankachinena. Chimene anabwerera ndiye aliyense anali ndi yankho lake.

Tinkakhala m'nyumba za lendi, mzere umodzi kuseri kwa nyumba ya alandilodi, mpopi umodzi tonsefe. Bambo anali atagona kale ndi matenda aja amene masiku amenewo tinkawatchula ndi maso okha. Amalume anayala mphasa yawo pabalaza, pafupi ndi ine, kamera kumutu.

Ojambula tinkawadziwa, si kuti tinali akumudzi. Ankabwera Lamulungu pa njinga, iwe n'kubwereka nsapato, n'kukaima pa maluwa a eni ake, wailesi ya anzako m'manja. Unkapereka theka la mtengo, ndipo patapita milungu ankakubweretsera chithunzi kapena mawu akuti chinapsa. Ameneyo ndiye anali wojambula, wakuba pang'ono koma womveka. Amalume sankalipiritsa. Sankauzanso munthu kuti aime bwino. Ankajambula ndowa zili pamzere pampopi, phiri la Soche nkhungu italifunditsa, manja a mayi wogulitsa makala. Ukawafunsa kuti n'zachiyani, ankati n'zokongola basi.

Zokongola basi! M'dziko limene anthu anali atazolowera kunong'ona ngakhale ali okha m'bafa. Alandilodi, amene kale ankaima pakhomo la msika kufunsa anthu makhadi a chipani, ankati munthu wojambula ulere ndiye kuti alipo amene akumulipira, ndipo ankaona kuti amalume akusonkhanitsa nkhope za akale kuti zinthu zikatembenuka adzazipereke kwa atsopano. Anyamata a matipate, amene ankakumana kuseri kwa shopu ya telala, ankati ndani angabwere kuchokera kunja osamangidwa ngati si wa boma. Munthu mmodzi, ukazitape uwiri, nsapato zong'ambika. Akanakhala kuti ankalandira mbali zonse ziwiri, bwenzi tikudya nyama.

Inenso ndinkawakayikira, ndisaname. Kamera ikatuluka m'chikwama, ndinkatseka pakamwa kuti ndwii, chifukwa ndinali ndi mawu anga ambiri onena za aphunzitsi amene sindinkafuna kuti akafike m'tauni. Amalume anaona zimenezi n'kundiyamikira. Ankauza mayi kuti mwanayu anabadwira kujambula, amadziwa yekha kugwira mpweya. Anayamba kundiphunzitsa, ine n'kumangogwedeza mutu ngati gulo.

Zimene anandiuza ndikadali nazo. Dzuwa likhale kumsana kwako, koma osati masana, chifukwa dzuwa la paliwombo limasandutsa maso a munthu mayenje. Jambula m'mawa kapena likamapendeka. Zigongono zikanikize nthiti, pumira kunja, kenako dina pang'onopang'ono ngati ukuyesa papaya ngati lapsa. Usadule munthu mapazi, anabwera nawo. Lenzi yaitali ankaida, ankati ndi ya amantha ndi akazitape enieni, ngati ukufuna munthu aoneke wamkulu, yenda umuyandikire. Fulashi ankati imapatsa anthu maso a mphaka ndipo imadya mabatire ngati mlendo. Filimu ya 100 ndi ya padzuwa, ya 400 ndi ya pamthunzi, ndipo ogulitsa akakuuza kuti zonse n'chimodzimodzi, yang'ana deti pabokosi, ndiye kuti yatha ntchito. Lamulo lalikulu linali la chitseko chakumbuyo. Sutsegula filimu isanakulungidwe kubwerera m'kachitini kake. Kuwala kukangolowa, zonse zapsa.

M'mawa wina bambo anadzuka ndi kamphamvu, n'kupempha kuti awatulutse pakhonde. Anali asanajambulidwepo, kupatula kachithunzi ka pa khadi ya kuntchito, kamene anakalanda atawachotsa. Mayi anawaveka jekete ya kutchalitchi, n'kuimanga ndi mapini kumsana kuti isaoneke kukula. Anawadzoza mafuta kumaso. Amalume anayeza kuwala, anazunguza mphete za lenzi, kenako anandipachika chingwe m'khosi. Anati ajambule mwana wawo.

M'kagalasi muja bambo anaoneka aang'ono, akutali, ngati ali kutsidya la mtsinje. Ndinayandikira monga ndinaphunzitsidwira. Iwo anandiyang'ana, n'kumwetulira mbali imodzi.

"Ujambule bwino jeketeyi, iwe. Mwini wake anatulukamo kale."

Khethe. Ndinadziwa kuti ndagwira zonse ziwiri, nkhope ndi mawu omwe. Kwa nthawi yoyamba ndinakondwa kuti kamera imamva.

Bambo tinawaika chisanu chisanathe. Kuyambira pamenepo mayi, amene poyamba kamera sankaiyang'ana n'komwe, anayamba kufunsa. Ankafunsa akusesa, nkhope ili pansi. Achimwene, kodi yatha? Amalume ankayang'ana kawindo ka manambala pamwamba, n'kuyankha kuti yatsala pang'ono, mlongo wanga, filimu saitsukitsa yosatha. Apa ndiye ndimawadzudzula mpaka lero, ngakhale anagona kalekale. Akanatha kujambula nkhuku, mitondo, ngakhale makutu a alandilodi, filimu n'kutha tsiku lomwelo. Koma iwo chithunzi chilichonse ankachidikira ngati mvula. Ankatha sabata yathunthu akuzungulira komboni, kamera pachifuwa, osadina, anthu akuwasuzumira m'mawindo ndi kufunsana kuti kodi lero akufuna ndani.

Tsiku lina anaona makina a telala ali pakhomo la shopu, kuwala kwa madzulo kutagwera pa gudumu lake. Anagwada, n'kujambula. Sanaone kuti kumbuyo kwa makinawo kunakhala anyamata aja. Mawa lake mmodzi wa iwo anatengedwa ndi galimoto yopanda chizindikiro. Anabwerako patapita masiku, wotupa, ndipo tinadzamva kuti inali nkhani ya mapepala amene ankagawa kumsika poyera, aliyense akuona. Koma zimenezo zinamveka mochedwa.

Gulu linabwera kwathu Lamulungu masana, anthu atangoweruka kutchalitchi, ena Baibulo likadali m'khwapa. Kutsogolo kunali alandilodi ndi mkulu wa anyamatawo, anthu amene chaka chonse sankapatsana moni. Kamera ya amalume ndiyo inayanjanitsa zipani m'Zingwangwa, andale asanaganize n'komwe. Wina anali ndi chitsulo cha sipuling'i ya galimoto, akuchibisa mosabisa.

"Tsegulani, bambo, tione amene muli nawo m'menemo," anatero alandilodi.

Amalume anafotokoza mwaulemu kuti mulibe chooneka, zithunzi zimatuluka zikatsukidwa. Anati mawa tipitire limodzi m'tauni, musankhe nokha situdiyo, muone chilichonse.

"Kuti mukatipereke komweko?" anatero mnyamatayo. "Madala, musatipusitse. Wotsukayo ndiye bwana wanu."

Amalume anatchula za bambo. Anati muli malemu m'menemu, chithunzi chawo chokhacho, chonde. Mayi wina kumbuyo anati mwamva, akujambula ndi akufa omwe. Alandilodi anati zisankho ndi ziwiri: atsegule pompano, kapena katundu wa nyumba yonse atuluke panja lero, ndipo za mlendoyu iwo asamba m'manja, adziwa ndi anyamatawa. Amalume anakumbatira kamera ndi manja awiri. Sindinaone amene anawamenya. Ndinangoona magazi pa mano, ndi chitsulo chija chitatuluka kumsana kwa mwini wake.

Pamenepo mayi anatuluka m'nyumba, atavala zakuda zawo za maliro. Sanakuwe. Anadutsa pakati pa anthu, n'kutambasula dzanja.

"Achimwene, bweretsani."

Amalume anapukusa mutu.

"Bweretsani. Ndaika mmodzi chaka chino, zakwana. Potsegulira ndi pati?"

Amalume analoza ndi chibwano. Mayi anatenga kamera, anafulatira dzuwa, n'kugwada. Kenako anavula nsalu yakuda ya paphewa, anafunditsa kamera pamodzi ndi mutu wawo, n'kutsegulira m'katimo. Anthu anayamba kuseka. Wina anati akuikira mazira. Alandilodi anati mayi, zobisa ayi, tulutsani panja tione tonse. Nsaluyo inakhala chete kanthawi ndithu. Kenako dzanja linatuluka, likukoka filimu, yaitali, ikudzipinda ngati khungu la njoka, mpaka yonse inagona padzuwa.

Munalibe kanthu. Filimu yosatsuka ndi kalamba kotuwa chabe, kopanda ngakhale mthunzi wa munthu. Anthu anapatsirana, aliyense akuikweza kumwamba, diso limodzi atatsinzina. Mnyamata wa chitsulo anaitembenuza uku ndi uku. Alandilodi, bambo wa tayi, atayang'ana kumbali kuti aone ngati wina akuwaona, anaigunditsa kukhutu. Ndinawaona ndi maso angawa.

"Mulibe munthu," anatero.

Anabalalika okhumudwa, ngati anthu amene abwera ku mpira timu ina osafika. Pofika madzulo chigamulo chinali chitamveka komboni yonse: si kazitape, ndi wozungulira mutu, amangodina chopanda kanthu. Amalume anatsitsidwa udindo tsiku limodzi, ndipo misala inawapulumutsa. Katundu wathu sanatuluke. Kutayamba kutentha iwo anapita kukakhala ku Bangwe, kamera yawo pachifuwa, ndipo sanajambulenso munthu wa kwathu.

Kalamba kaja ndinakatola m'fumbi. Kwa masiku ambiri ndinkakayang'ana kuseri kwa nyumba, kufunafuna jekete. Ndinkakaviika m'madzi a sopo, poti amati zithunzi amatsuka. Mayi ndinawakwiyira mwakachetechete, koma kenako ndinawakhululukira monga amakhululukira ana, modzikuza. Ndinati osauka, sankadziwa. Ankayesa kuti zithunzi ndi anapiye, ukaziphimba sizithawa.

Nkhani imeneyi ndaikamba kwambiri, pabawo, m'maukwati, m'minibasi. Ndimadziwa pamene anthu amasekera: pa khutu la alandilodi ndi pa mayi anga atadzifunditsa. Ndimagwada ndithu, n'kudziphimba ndi jekete, anthu n'kumagwa nazo.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkulu anabwera ndi ana ake kudzandifunsa kamera yoti agule, poti akuti foni simukwanira. Anandionetsa zambirimbiri, zonse zodzitama ndi manambala. Ndinamuuza kuti manambalawo asamuopseze, agule yogwirika bwino m'manja, ya batire yopezeka ku Limbe, ngakhale yakale, ndipo wogulitsa akamalankhula mofulumira aiyese kawiri. Ndinati makamera anu a masiku anowa ine sindiwakhulupirira kwenikweni. Mumadina kambirimbiri osayang'ana munthu, maso ali pa kagalasi kakumbuyo, kenako kakhadi kosungira zithunzi kaja kafa kapena foni yabedwa, ana onse apita. Chimene wachikonda, katsukitse, chikhale papepala, ndipo usadikire kuti khadi idzaze. Atandifunsa chifukwa chake ndimaumirira zimenezi, ndinawakambira ya amalume, ndi kugwada komwe. Adzukulu anaseka mpaka wina anatsamwa.

Mayi a kunyumba sanaseke. Iwo apongozi awo anawasamalira zaka zawo zomaliza, ndipo nkhaniyi aimva kosawerengeka. Alendo atapita, tikukonzeka kugona, anali akupinda zovala, osandiyang'ana.

"Bambo, nkhani yanuyi muzikamba, koma pa nsalu paja muzidumphapo. Munthu wosadziwa zimene kuwala kumachita saphimba kanthu. Amayi ankadziwa bwinobwino amene akumuwotcha. M'nsalu muja ankatsanzikana ndi amuna awo, inu mukuti akuikira mazira."