Sitika ya Pamanda a Amayi

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kutsinzina kumene ndinachita usiku umenewo kungatchedwe tulo. M'nyumba ya siwa amayi anali atagona mothithikana pamphasa, ena atangotsamira khoma, nyimbo za usiku wonse zitawaumitsa kukhosi. Bokosi la achimwene anga a Filipo linali pakati pa chipinda, ndipo alamu anga, akazi awo, anagona chokhala, dzanja lili pachivundikiro. Ndinalumpha miyendo ya anthu n'kutuluka. Panja pankawomba kamphepo ka mu Ogasiti, kouma, konunkha utsi wa tchire. Moto wa azibambo unali utatsala makala okhaokha.

Pamtima panga panali nkhani imodzi. Ife kwa amayi athu tinabadwa awiri, achimwene ndi ine. Ali m'chipatala ku Kabudula, mawu atayamba kuchepa, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Esinati, mukandigoneke pafupi ndi amayi." Ndinavomera msanga, monga amavomerera munthu amene sakufuna kuti nkhani yotere ipitirire. Vuto linali loti manda a amayi panalibenso amene ankawadziwa bwinobwino. Panali patapita zaka zoposa khumi chimwalirireni iwo. Mtanda wathabwa umene tinazika unadyedwa ndi chiswe, chotsala chinapsa ndi moto wa osaka mbewa, ndipo mitumbira ya mbali imeneyo inaphwa n'kufanana. Dzulo lake atsibweni athu analoza pena, mkulu wina wa mpingo n'kuloza pena, mpaka anatsala pang'ono kukangana pamaliro. Ine sindinathe kuloza paliponse. Ndinakwatiwa ku Zomba, ndipo kumudzi kuno ku Nambuma ndinkabwera ngati mvula ya chizimalupsa, kamodzi pachaka n'kupita. Manyazi anandigwira, mwana wamkazi wosadziwa pamene anagona mayi ake.

Nditaima panja paja, mawu ena a achimwene anandibwerera. Tsiku lomwe lija kuchipatala anawonjezera kuti, "Musavutike, amayi ndinawamata sitika." Ine ndinaganiza kuti n'kubwebweta kwa matenda, ndinangowafunditsa bulangete.

Achimwene ankagwira ntchito ku Kanengo, m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu, momwe makatoni ndi matumba a mbewu ankalowa ndi kutuluka tsiku lonse. Ntchito yawo inali yoyendetsa pulinta ya masitika. Ndinaiona kamodzi, chimakina chachitsulo chachikulu ngati kireti ya zakumwa, chimene chinkameza mpukutu wa masitika oyera n'kumawalavula amodziamodzi atalembedwa. Masitikawo sanali wamba. Ukawaunika padzuwa, mkati munkaoneka kawaya kopyapyala kokhotakhota, ndi kadontho kakang'ono ngati njere ya fodya. Pulintayo inkalemba mawu pamwamba, nthawi yomweyo n'kuika nambala m'kadonthomo. Masitika otere iwo ankawatcha RFID. Kenako munthu ankangodutsa pakati pa milu ya katundu ndi kamakina kogwira m'manja, ndipo kankalira kuti tii, n'kuonetsa chimene chili pamenepo, ngakhale katoniyo itabisika kuseri kwa makatoni ena.

M'mawa uliwonse ankayamba ndi kusindikiza sitika yoyesera makina. Anzawo ankataya zoterezo, koma iwo anapempha abwana awo kuti azitenga, ndipo ankalembapo za kunyumba. Khasu linali ndi sitika, ndowa sitika, wailesi sitika, ngakhale mtondo wa alamu. Ndinkawaseka. Ndinkati tsiku lina adzamata ndi nkhuku zomwe. Iwo ankangomwetulira n'kunena kuti chinthu chopanda dzina n'chotayika kale, chikungodikira tsiku. Lero ndimalakalaka nditawasekanso kamodzi kokha, iwo n'kundiyankha choncho.

Ndinaimbira foni a Mbewe, mnzawo wa kuntchito, amene ankayenera kubwera m'mawa womwewo pa lole ya kampani pamodzi ndi anzawo ena. Ndinawadzutsa. Nditafotokoza anati, "Munthu ameneyu angathedi kuchita zimenezo. Ndipempha abwana, kamakinako ndibwera nako. Koma mayi, ngati anakwirira pansi kwambiri, sikamva."

Chotsatira chinali kuimitsa adzukulu, amene anali atayamba kale kusonkhanitsa makasu ndi mapiki kuti akakumbe. Mkazi sauza adzukulu zochita, choncho ndinakagwada pafupi ndi atsibweni pamoto paja. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Kodi iwe Esinati, manda a mlongo wanga tiziwafuna ndi wailesi?"

"Atsibweni, ndinalonjeza. Adikire pang'ono chabe, lole ifike."

Anapukusa mutu, komabe anadzuka n'kukalankhula ndi mkulu wa adzukulu, bambo wamfupi wosakonda mawu. Iye anati nthaka ya chilimwe ndi youma ngati mwala, kuchedwa kuyamba n'kuchedwa kuika, ndipo ochokera kutali afunika kubwerera kusanade. Anati adikira mpaka dzuwa lituluke pamwamba pa mitengo ya bulugamu ya kusukulu. Likadutsa pamenepo akakumba kumapeto, kumene kuli malo atsopano. Kumeneko n'kutali ndi amayi, mbali ina ya msitu.

Kunacha. Kuseri kwa nyumba amayi anayala mafuwa m'mizere, utsi n'kuyamba kulowa m'maso. Ena ankasankha nyemba, ena ankadula kabichi, ena ankabwera ndi ndowa pamutu kuchokera kumjigo. Pamsewu panali pataikidwa masamba, ndipo apanjinga ankatsika n'kumakankha mpaka atadutsa. Anthu anayamba kufika m'magulu: a ku Nsaru kwawo kwa alamu, amayi a mpingo atavala zoyera ndi zakuda, alimi amene achimwene ankawathandiza kulemba mayina pamabelo a fodya akabwera patchuthi. Aliyense wolowa m'siwa ankayambitsanso kulira. Ine ndinkalira nawo, koma diso limodzi linali pamitengo ya bulugamu ija. Sindinaonepo dzuwa likukwera mwaliwiro ngati tsiku limenelo.

Linali litatsala pang'ono kusiya nsonga za mitengo pamene fumbi linaoneka kumsewu wochokera ku tauni. A Mbewe anatsika lole isanaime n'komwe, atavala jekete yakuntchito, kamakina kali m'jumbo. Anapita kaye kukagwada kusiwa, monga mwa mwambo, ndipo ndikuulula kuti ulemu wawowo unandipweteka mutu. Kenako ananyamuka ndi atsibweni ndi adzukulu. Ine ndinatsatira chapatali n'kuima pamene njira imalowa m'msitu wa kumanda, poti akazi sitilowa kumeneko maliro asananyamuke.

Ndinkangomva mapazi pamasamba ouma ndi zikwanje zikudula tchire. Panapita nthawi. Wina anaseka, wina n'kumukalipira. Kenako ndinamva mkulu wa adzukulu akuti, "Basi bambo, tayesa." Ndinayamba kupepesa kwa achimwene chamumtima. Ndiyeno, chapansipansi, kuchokera mbali imene sanaloze atsibweni ngakhale mkulu wa mpingo uja, kunamveka kuti tii. Kenako tii. Kenakonso tii.

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kulira kulira kumene ndinali ndisanalire chimwalirireni achimwene.

Zimene anapeza anandifotokozera ndi a Mbewe pambuyo pake. Patsinde pa mtengo wa msuku panali timiyala tosanjikiza, ndipo pakati pake panali kabotolo kapulasitiki kotseka bwino. Achimwene anakaikapo chaka chimene mudzi unalambula kumanda, mtanda uja usanagwe. M'kabotolomo munali masitika atatu osamatula. Yoyamba inalembedwa kuti Nabanda, amayi athu. Yachiwiri inati Filipo, kudzanja lamanja. Atsibweni atawawerengera zimenezo akuti anavula chipewa n'kunena kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Adzukulu anayamba kukumba kudzanja lamanja.

Mapiki atayamba kulira, mkulu wa adzukulu anatuluka yekha m'msitumo n'kubwera pamene ndinakhala. Anatambasula dzanja lafumbi.

"Esinati ndinu, eti?"

"Ndine, bambo."

"Tengani ichi. Dzina la munthu wamoyo siligona kumanda. Alongo anuwa anali munthu wabwino, koma apa analakwitsa."

Inali sitika yachitatu. Inati Esinati, kudzanja lamanzere, ndipo pansi pake panali timawu tating'ono toti akadzabwera kwathu. Sindinadziwe ngati ndikwiye kapena ndiseke. Ndani amasungira mlongo wake malo kumanda osamufunsa? Ndi achimwene okha. Ndinaimanga pansonga ya chitenje n'kubwerera kusiwa.

Mwambo unayamba dzuwa litapendeka. Anthu anadzaza pabwalo mpaka m'munda wa nyemba, azibambo pansi pa mango, amayi padzuwa atafunda zitenje kumutu chifukwa cha fumbi. Mbiri ya malemu inawerengedwa mwachidule. A Mbewe anayankhula m'malo mwa akuntchito, ndipo anangoti pazaka zonse zimene anagwira limodzi, katundu wodutsa m'manja mwa achimwene sankasowa. Abusa analalikira mphepo ikuwalanda mawu, moti ife akumbuyo tinkatola amodziamodzi. Kamvuluvulu anadutsa pakati pa anthu n'kunyamula masamba, ana n'kubisa nkhope pamiyendo ya amayi awo.

Bokosi linanyamulidwa ndi azibambo a mpingo, kenako a kuntchito analandira, kenako a m'mudzi, kulandirizana choncho njira yonse. Tinadutsa m'minda yokolola kale, mapesi atagona, zitsa za fodya zitaima zouma. Amayi ankayimba pambuyo, ndipo ine ndinkayenda nditagwira alamu m'chiuno, poti mapazi awo ankakoka pansi. Njira imeneyi achimwene ankandiberekamo tikuchokera kudimba ndili wamng'ono, akundiopseza kuti ndikapitiriza kulira andisiya kwa afisi. Sanandisiyepo ngakhale tsiku limodzi.

Titafika ndinaona manda a amayi koyamba patapita zaka zonsezo. Mtumbira unali utatsikiratu, koma adzukulu anali atausesa bwino, mwaulemu. Dzenje la achimwene linali pafupi kwenikweni, moti munthu wogona apa akhoza kutambasula dzanja n'kukhudza winayo. Kumanzere kunali nthaka yosakumba, masamba a msuku atagwerapo. Sindinayang'aneko nthawi yaitali. Bokosi linatsitsidwa, dothi linayamba kugwa, nyimbo inakwera kuti ibise phokoso lake. Titaika nkhata, mkulu wa adzukulu anabweza kabotolo kaja pakati pa timiyala, muli masitika awiri. Lonjezo langa linakwaniritsidwa, ngakhale kunena zoona analikwaniritsa ndi eni ake.

Anthu atadya anayamba kubalalika. Lole ya ku Kanengo inanyamuka dzuwa likulowa, a Mbewe atanyamula kamakina kawo m'jumbo momwe muja, poti m'mawa mwake ntchito inkawadikira. Pulinta ija idzayatsidwa ndi munthu wina, ndipo sitika yoyesera idzatayidwa m'bini. Amayi a ku Nsaru anatenga alamu kuti akapume kunyumba ina. Mafuwa anatsala akufuka okha. Atsibweni anakhala pakhonde kanthawi, kenako anatsamira ndodo yawo n'kumapita.

Ndinalowa m'nyumba ya amayi momwe munali siwa muja, imene achimwene ankaisamala zaka zonsezi, kufolera ndi kuzira, ngakhale munalibe wogonamo. Mphasa zinali zitapindidwa. Pamene panali bokosi panatsala malo oyera pakati pa mapazi a anthu. Kulikonse kumene ndinayang'ana kunali dzanja lawo: pandowa, pawailesi, pampini wa khasu kuseri kwa chitseko. Ndinakumbukira mafoni awo a Lamlungu lililonse madzulo. Ankafunsa za ana, za mvula ya ku Zomba, ndipo pomaliza ankati, "Nanga kwathu mubwera liti?" Ine ndinkati mwezi wa mawa. Miyezi ya mawayo inachuluka mpaka ndinabwera kudzawanyamula kuchipatala. Ndinawasowa madzulo amenewo kuposa mmene ndinaganizira kuti munthu angasowe mnzake.

Ndinamasula mfundo ya pachitenje. Sitika ija inali itakwinyika pang'ono, koma mawu ankawerengeka. Ndinaimatula pang'onopang'ono, monga ndinawaonera iwo akuchitira, n'kuimata pachitseko, chamkati, pamene dzanja limagwira munthu akamatseka. Ndinaisisita ndi chala kuti igwire bwino.

Kenako ndinakhala pansi moyang'anana nayo. Kamakina kanali kali panjira ya ku Kanengo, ndipo mwini masitika anali atagona kudzanja lamanja la amayi. Komabe ndinanena mokweza, m'nyumba yopanda munthu, kuti, "Achimwene, ndabwera," n'kutchera khutu.