Mtengo wa Mango m'Mbali mwa Njanji

Kwathu ku Petauke kulibe njanji. Ndinakula ndikungomva za sitima kwa amuna obwela ku migodi, ndipo ndinaikwela koyamba ndili kale mphunzitsi pasukulu ina kufupi ndi Nyimba. Alongo anga ankagwila nchito ku Kitwe. Ndiwo anandipatsa kamela yakuda yokhala ndi lamba wokoloweka m'khosi, amvekele ndizijambula atata ndi amama kuti ana awo aziwadziwa agogo.

Sukulu ikatsekela ndinkakwela basi mpaka ku Lusaka, kenako sitima. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene kujambula mlatho kapena siteshoni kunali kudziputila mafunso. Basi ikamayandikila mlatho wa Luangwa kamela inkagona pansi pa zitenje m'chikwama, ndipo ndinkaitulutsa pokhapokha sitima italowa m'tchile.

M'tchilemo ndi mmene munali zondikopa. Dziko litalandila ufulu azungu ambili anapita kwawo, nyumba zawo n'kutsala zokha. Ndinkaona nyumba za m'mafamu zitasasulidwa malata, mabalani a fodya atang'ambika pakati, tinyumba ta anthu okonza njanji udzu utamela mpaka pakhonde. Mwina munkatuluka mbuzi pawindo. Ndinkatsamila pawindo la sitima, n'kudikila kuti ichepetse liwilo pokhota, basi n'kudina.

Tsiku lina bambo wina wachikulile amene tinakhala naye mpando umodzi analephela kupilila.

"Amai, anthu tili muno tavala bwino, inu mukujambula mabwinja?"

Ndinangoseka. Chifukwa chake ngakhale lelo sindingachinene bwinobwino. Ndinkangomva chisoni kuti khomo limene munthu ankasesa m'mawa uliwonse lizitha popanda woliyang'ana. Alongo anga nawonso atatsukitsa zithunzizo ku Kitwe anapukusa mutu. "Filimu yonse yathela pa zipupa!"

Ulendo wina ndikubwelela ndinapatukila kumudzi, ku Kalindawalo. Inali nthawi yokolola, ndipo ndinapeza atata ndi amama ali pamphasa akusenda nshawa. Ndinawapatsa zithunzi za adzukulu awo, koma mu envulopu yomweyo munalinso za mabwinja zija. Amama ankazidutsa mofulumila, kufunafuna nkhope za ana. Kenako dzanja lawo linaima.

Chinali chithunzi cha nyumba yopanda denga. Pambali pake panali thanki yamadzi ya miyendo itatu, kuseli kachipinda kakang'ono, ndi mtengo waukulu wa mango utaphimba theka la kachipindako.

"Iyi unaijambulila kuti?" anafunsa amama.

"Kupitilila Kabwe pang'ono, amama."

Atata anatenga chithunzicho, n'kuchigwilila patali ndi maso monga ankachitila powelenga kalata.

"Ku Bulokeni Hilo," anatelo, kutchula dzina lakale la tauniyo. "Thanki ndi yomwe ija."

Amama analoza ndi chala chawo chafumbi. "Mtengo uwu ndinabzala ndine."

Ndinkadziwa kuti atata anagwilako nchito kunjanji ali mnyamata, koma zambili sankanena. Tsiku limenelo ndinamva kuti anali khukhi, wophikila mzungu amene ankayang'anila okonza njanji, ndipo atangokwatilana ndi amama ankakhala m'kachipinda kakuseli kaja. Mmenemo ndi mmene munabadwila mwana wawo woyamba, mtsikana. Atayamba kukwawa anatentha thupi masiku atatu n'kumwalila. Anamuika kuseli kwa chulu, anzawo a panchito okhaokha, popanda wachibale. Posakhalitsa atata ndi amama anamanga katundu kubwelela kwathu.

Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti woyamba kubadwa ndi alongo anga a ku Kitwe.

"Nanga bwanji simunatiuze?" ndinafunsa.

"Tikanakuuzani kuti mutani nazo, mwana wanga?" anayankha atata, n'kuyambanso kusenda.

Amama sanabweze chithunzicho. Anachilowetsa m'buku lawo la nyimbo za kutchalichi.

Tchuthi chotsatila ndinawatenga amama kuti akaone malo aja. Atata miyendo inali itayamba kutupa, choncho anatsala. Amama anavala chitenje chatsopano ndi duku loyela, ndipo m'basi yonse kuyambila pa Petauke sanagone, anangofumbata thumba lawo pamiyendo. Tili m'sitima ndinafunsa woona matikiti ngati tingatsike pamalo paja. Anandiyankha mwaulemu kuti pamenepo sitima inaleka kale kuima, ndipo palibe msewu woti tingakapezepo galimoto.

Ndinawauza amama ndili ndi mantha. Iwo anangoti, "Palibe kanthu. Undiuze tikayandikila."

Titangonyamuka pa Kabwe anaimilila pawindo, manja onse atagwila chitsulo. Dzuwa linali pamutu. Tinadutsa minda, tinadutsa dambo, kenako ndinaona nsonga ya thanki.

"Apo, amama!"

Nyumba inabwela, mtengo wa mango uli biliwili, ndipo tisanapume katatu zonse zinali kumbuyo. Amama anasuzumilabe mpaka mitengo inatseka.

"Chulu chilipo," anatelo.

Sanalile. Anakhala pansi, n'kukonza duku lawo, ndipo patapita kanthawi anayamba kulankhula. Anandiuza za mai wina wa Chilozi amene anawaphunzitsa kusoka malaya a mwana pamanja, chonsecho sankamvana chilankhulo. Anandiuza za oyendetsa sitima amene ankawaponyela malasha akamadutsa, akazi n'kumathamanga ndi mabeseni kukatola. Anati mwanayo sankaopa kulila kwa sitima, akaimva ankawomba m'manja. Anatchula dzina lake, ndipo aka kanali koyamba ine kulimva. Ankaseka pofotokoza mmene atata anapseletsela buledi tsiku loyamba panchito, n'kukamukwilila kumunda kuti mzungu asaone. Mai wina amene anakhala moyang'anana nafe anasiya kuluka n'kumamvetsela nawo.

Tikuyandikila Kapiri anandigwila pabondo.

"Kamela ija uli nayo? Undijambuleko ine. Atate ako akaone kuti ndinafikadi."

Anawongola msana, manja pamaondo, nkhope ataiumitsa ngati ali pamaso pa abusa. Sitima inagwedezeka ndikudina, moti chithunzicho chinatuluka chopendekeka, phewa limodzi losaoneka bwino. Titabwelela kumudzi atata anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati mango aja anali atayamba maluwa. Amama anati inde, ndipo anakhala pansi kuwafotokozela ulendo wonse kuyambila pokwela basi.