Eneles ndi Maholide a Eni Ake

Eneles Kachigamba ankati akangoganiza za mwezi wa Okutobala, mutu unkayambiratu kumuwawa mweziwo usanafike.

Kwawo kunali ku Ntcheu, cha ku Nsipe. Ku Nairobi anapitako mu 1994 potsatira mwamuna wake Vitus, yemwe anapeza ntchito yoyang'anira malole pakampani ina ku Industrial Area. Ankakhala ku Embakasi, kumene ndege ikamanyamuka mawindo ankachita kunjenjemera. Eneles sanakhalitse pakhomo. Analembedwa ukalaliki kubungwe lina la mipingo ku Hurlingham, lomwe antchito ake anali ochokera m'maiko osiyanasiyana. Abwana ake, Abusa Charles, poona kuti mayiyu ndi wadongosolo komanso wosafulumira kupsa mtima, anamupatsa udindo wokonza tchuthi cha antchito onse: wakuti apuma liti, wakuti atsala kuyankha foni. Iye anavomera akumwetulira, osadziwa kuti wapatsidwa chisa cha mavu.

Miyezi ina yonse zinkayenda, koma Okutobala unali nkhondo. Ku Kenya masiku amenewo kunali holide pa 10 ndi ina pa 20, ndiye aliyense ankafuna masiku apakatiwo kuti alumikize, apume nthawi yaitali atangodya tchuthi chochepa. Wa ku Uganda ankabwera ndi tsiku la ufulu wa dziko lake pa 9. Wa ku Zambia ankaloza pa 24. Onse ankafika padesiki la Eneles ndi nkhope zachisoni, wina agogo ake akudwala, wina denga la nyumba likudontha. Lenah, mnzake wa ku Nakuru yemwe ankakhala desiki loyandikana naye, ankangomubweretsera tiyi ndi mandasi, n'kunena chapansipansi kuti, "Eneles, iwe ndiwe mchemwali wanga, ukudziwa kale."

Chimene palibe amene ankachikumbukira n'chakuti pakati pa Okutobala pomwepo ndi pamene ku Malawi kumakhala Tsiku la Anakubala, ndipo Eneles naye anali ndi womubala.

Amayi ake, a Namaseko, sankakhala ndi mawu m'mimba. Eneles ankaimba foni kunyumba ya abusa a kumudzi, n'kudikira kuti akawaitane, ndipo moni asanathe nkhani inali itayamba.

"Ana a anzanga abwera ndi zitenje, ena ndi mabulangete. Ine akandifunsa ndimangoti wanga ali kunja. Kunjako kodi kulibe msewu wobwerera?"

"Amayi, kuno tsiku limenelo timagwira ntchito."

"Ndiye dziko limenelo anthu ake anachita kugwa mumtengo?"

Chinkamupweteka kwambiri Eneles chinali chakuti mbali zonse ziwiri ankaluza ndi iye. Ikafika holide ya ku Kenya, Abusa Charles ankamuuza mokoma mtima kuti, "Mayi Kachigamba, inu tsikuli silikukukhudzani kwenikweni, bwanji mutatsegulako ofesi m'mawa wokha? A ku Lusaka atumiza fakisi." Ikafika ya ku Malawi, Abusa omwewo ankatambasula manja n'kuti, "Pepani mayi, koma kuno ndi ku Kenya." Eneles ankatuluka akulumata mano, n'kukatsanulira mkwiyo wonse pa Vitus madzulo.

"Bambo a Upile, ine ndine wa dziko liti? Holide ya kuno si yanga, ya kwathu si yanga. Ndiye ndizipuma ndikadzafa?"

Vitus, munthu wosakonda phokoso, ankangoti, "Dzilembeni nokha poyamba, amake Upile. Cholembera chili m'manja mwanu."

"Ndiye anthu adzati chiyani?"

Zaka zinapita choncho. Chaka china analolera Lenah chifukwa mchimwene wake ankakwatira. Chaka china msonkhano waukulu unaikidwa dala pakati pa maholide awiriwo, poti ndi pamene mahotela anapezeka ndi malo, ndipo wolemba zokambirana anali iye. Chaka chinanso anali atagula kale chitenje cha amayi ake, wa ku Uganda n'kuthyoka mwendo, ntchito yake n'kugwera Eneles.

Mu 2001 Eneles anati zakwana. Chaka chitangoyamba analemba dzina lake pa Okutobala ndi cholembera chofiira, n'kukauza Abusa Charles maso ali gwa. Lenah atabwera ndi mandasi ake, Eneles anadya mandasiwo koma dzina sanafufute. Anaimbira amayi ake kawiri konse kuwauza kuti chaka chino akubwera ndithu. Anakwera ndege mpaka ku Lilongwe, basi mpaka ku Ntcheu, n'kumalizira panjinga ya kabaza, chikwama chodzaza ndi zitenje ndi masamba a tiyi a ku Kenya chili pamiyendo.

Pakhomo anapeza chitseko chili chotseka, mbuzi zitagona pakhonde. Mlamu wake Vailet anatulukira kuseri kwa nkhokwe akupukuta manja.

"Iii alamu, mwabweradi? Amayitu apita dzana ku Nkhoma ndi a Chigwirizano, kuli msonkhano wa amayi."

Eneles anakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi diresi lake la ku Nairobi.

A Namaseko anabwerako kutatsala tsiku limodzi kuti mwana wawo anyamuke. Anatsika pa lole akuimba ndi anzawo, yunifolomu itachita fumbi, ndipo atamuona anaomba m'manja.

"Iwe Eneles! Bwanji osanena kuti ukubwera?"

"Amayi, ndinanenatu! Kawiri!"

"Umanena chaka chilichonse. Ine ndikanadziwa bwanji kuti chaka chino ukunena zoona?"

Eneles anatsegula chikwama chija. Zitenje a Namaseko anazilandira ndi manja awiri, anazitambasula pamaso pa anzawo onse, koma podzatsanzikana m'mawa mwake anadandaulabe kuti mwana wawo amangobwera ngati wopala moto.

Patapita zaka zitatu maso a a Namaseko anayamba kuchita ng'ala, ndipo Vitus anati abwere ku Nairobi adzaonedwe ndi madokotala. Anafika mu Seputembala, opaleshoni inayenda bwino, ndipo anatsalira ku Embakasi kuti achire. Eneles anapuma moyo: chaka chino palibe ndege, palibe kulimbana ndi aliyense, Anakubala ali m'nyumba. Sanapemphe n'komwe tchuthi.

Tsikulo litafika, anadzuka n'kupeza amayi ake atasamba kale, atamanga duku latsopano, atakhala pampando wa pabalaza ngati mlendo wolemekezeka paukwati.

"Lero tikupita kuti?" anafunsa.

"Amayi, ine ndikupita kuntchito. Tidzasangalala Loweruka."

"Ine ndinakubala Loweruka? Tiye, ndikawaone abwana akowo."

Eneles anayesa kukana, anayesa kunena za fumbi ndi diso lawo, koma gogoyo anali atafika kale pageti. Anakwera maminibasi awiri, amene kumeneko amawatcha matatu, mmodzi wopita m'tauni, wina wa ku Hurlingham, a Namaseko akudzudzula kondakitala m'Chichewa chifukwa cha wailesi yophulitsa makutu, kondakitalayo akungoyankha m'Chiswahili kuti, "Sawa, mama, sawa."

Ku ofesi Abusa Charles anawalandira mwaulemu wonse, anawapatsa mpando ndi tiyi. A Namaseko anamwa kaye, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Awuze kuti munthu wa Mulungu sagwiritsa ntchito mwana wa mnzake ngati ng'ombe ya pangolo."

Eneles anamasulira m'Chingerezi kuti, "Akuti akuthokoza kwambiri chifukwa chondisunga bwino."

"Awuzenso kuti ngati iwo alibe amayi, ena tili nawo ana."

"Akuti lero kwathu ndi tsiku lolemekeza amayi."

Abusa Charles anayang'ana nkhope ya gogoyo, anayang'ananso ya Eneles, ndipo anaona kuti mawu akuchepa panjira. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kunena kuti Mayi Kachigamba atenge tsiku lonse, fakisi ya ku Lusaka ayankha okha. Zaka khumi Eneles anali atalimbanira tsiku limeneli, n'kulipeza kamodzi kokha. Amayi ake analitenga tiyi asanazizire. M'malo mokondwa, Eneles anangotola chikwama chake n'kuimirira.

Akutuluka, Lenah anawathamangira kudzapereka moni. Atamva nkhani yake anadabwa, n'kunena kuti iwo kuno amayi amawakumbukira mu Meyi, tsiku Lamulungu, ndi maluwa komanso keke. Eneles anamutsinzinira diso kuti akhale chete, koma a Namaseko anali atagwira kale mawu akuti Meyi.

"Akuti chiyani ameneyu?"

Eneles anamasulira, ulendo uno mosachotsera kanthu, poti mphamvu zonama zinali zitamuthera.

A Namaseko anakonza duku lawo bwinobwino. "Ndiye kuli lina? Ukauze Vitus asinthe tikiti ija. Diso langali silinachire kwenikweni, ndidikira Meyiyo."

Anakhaladi mpaka Meyi, ndipo keke anadya.