Phala la Pulosesa Ndinapukuta Ndine

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma pashopu yosindikiza mapepala pa Boma ndinkadzitcha katswiri. Kompyuta itayamba kutentha n'kumazima, mayeso oti tisindikize a ana a sukulu ya ku Iponga ali momwemo, ndinaitsegula. Pansi pa fani, pa pulosesa, ubongo wa kompyuta, ndinapeza tophalaphala totuwa. Ndinangoti ndi litsiro n'kupukuta. Basi, inayamba kuzima ikangoyaka.

Abwana anaitana mayi ena okonza makompyuta.

"Phala lokoka kutentha lapita kuti, achimwene?"

"Ndaipeza choncho, mama."

Sanatsutse. Anadontheza latsopano, kadontho kochepa ngati njere ya mpunga. Kompyuta inazizira, mayeso onse anatuluka, ine kukamwa kuli yasa. Mpaka lero abwana amati phalalo linauma ndi dzuwa la Karonga, ine n'kumavomereza.