Njerwa za Elena

Fungo la dothi lopondedwa silichoka msanga m'mphuno. Limamveka ngati m'kati mwa mtsuko watsopano, ndipo chaka chimenecho, nkhondo yaikulu ya azungu isanayambe, linali paliponse kwathu: m'tsitsi, m'nsalu, ngakhale m'madzi akumwa. Chilimwe chonse mudzi wathu unkaumba njerwa kudambo la kuseri kwa mishoni. Amuna ankakumba ndi kuponda dothi, amayi ankatunga madzi, ife ana n'kumathamanga ndi zikombole kukakhuthula pabwalo. Ukakweza maso unkaona phiri la Chiradzulu lili mbuu ndi utsi wa lupsa. Ukawatsitsa unkaona mizere ya njerwa zofunditsidwa udzu, ndi miyendo ya anthu yotuwa mpaka m'mawondo.

Ife tinali Alomwe. Makolo anga anawoloka malire ali ana, ndipo malo amene agogo anapeza anali a mzungu wa fodya amene tinkamutcha Chandevu. Kukhala pamalo ake kunali ndi mtengo wake, thangata: chitsulo chikalira ku esiteti, mwamuna aliyense ankasiya khasu m'munda mwake n'kukagwira ntchito ya bwana. Mzunguyo sitinkamuona kawirikawiri. Amene tinkamudziwa bwino anali kapitawo wake, a Jailosi, munthu wakuda ngati ife tomwe, woyenda ndi chikoti cha chikopa cha mvuu ndi alonda a zibonga. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo a Jailosi ufumu umenewu ankaukonda kuposa chakudya.

Nkhani ya njerwa inayamba Lamulungu lina Misa itatha. Akatekisiti analengeza kuti Chandevu wapereka malata, matabwa ndi magalasi a mawindo kuti pamishoni pamangidwe sukulu yaikulu, yoti ngakhale atsikana aziphunziramo. Ife tingoumba njerwa. Anawonjeza kuti bwanayo wapempha chinthu chimodzi chokha, kuti sukuluyo itchedwe Elena, dzina la mwana wake wamkazi amene anamutumiza kwawo ku Ulaya. Amayi analulutira mpaka wansembe, mzungu wokalamba amene tinkangomuti Abambo, anatseka makutu akuseka.

Bambo anga, a Namakhwa, anafika kunyumba tsiku limenelo akuyenda ngati apatsidwa ng'ombe. Iwo sankadziwa kuwerenga ndipo zinkawawawa. Ana awo aamuna sanakhalitse, ndinatsala ndine, choncho chilichonse chimene ankalota ankachilotera pa ine. Koma chimene chinawasangalatsa koposa chinali dzinalo. Kwathu munthu satcha mwana dzina mwachisawawa. Wotcha dzina amabweretsa nkhuku kapena mkanda, ndipo kuyambira pamenepo ndi mbale wa pakhomopo. Mwana akadwala amabwera, njala ikagwa amagawana nanu, ndipo sangatukule dzanja pa makolo a mwanayo. Ine ndemwe dzina langa la Sisiliya ndinapatsidwa ndi mayi wina wa cha ku Milepa, amene sitinali naye magazi amodzi, koma chaka chilichonse ankabwera ndi nyemba za kalongonda m'dengu kudzaona mnzake wa dzina.

Ndiye bambo anawerengera motere: sukulu ndi mwana wathu, chifukwa tikuiumba ndi manja athu. Bwana waitcha dzina, napereka malata m'malo mwa nkhuku. Basi, bwana ndi mbale wathu tsopano. Anafotokozera amuna anzawo kudambo, ndipo poti ankayankhula mokoma, ambiri anavomereza. Mayi okha ndiwo anapukusa mutu. Anati mkuyu umakoma kunja, ndipo sanamvepo kuti mzungu anadya chibale ndi munthu chifukwa cha dzina. Bambo anangoseka n'kunena kuti akazi amakayikira ngakhale dzuwa lili pamutu.

Njerwa zitauma anazisanja uvuni waukulu ngati nyumba, nauphoma ndi matope. Bambo ndiwo anali katswiri wa moto. Uvuni ukayatsidwa sausiya, usana ndi usiku mpaka njerwa zitapsa, chifukwa moto ukazirala pakati, ntchito ya chilimwe chonse imasanduka dothi lofumbutuka. Anauyatsa mochedwa chaka chimenecho, poti nkhuni za bulugamu zinavuta. Moto uli pakati, mvula yodzalira inagwa, yamphamvu, nthawi yake isanakwane. M'mawa mwake chitsulo chinalira ku esiteti, kuitana anthu kukawokera fodya nthaka ikadali yonyowa.

Amuna anayang'anana. Ena anatola makasu n'kuthamanga. Bambo anaimirira pakamwa pa uvuni, thukuta lili chuchuchu, nauza otsalawo kuti asaope. Kodi njerwazi si za mwana wa bwana yemweyo? Fodya angadikire mawa, koma moto sudikira. Amuna angapo anatsala nawo. Ine ndinali pomwepo, nditabwera ndi chinangwa chophika, ndipo ndinanyadira bambo anga kwambiri.

A Jailosi anafika dzuwa litakwera, alonda ali pambuyo. Sanapereke moni. Bambo anavula chipewa n'kuyamba kufotokoza za dzina lija, mwaulemu, ngati munthu wokumbutsa mlendo mwambo wa pamudzi.

"Dzina?" anatero a Jailosi. "Inu a Namakhwa, dzina limawokera fodya?"

Chibonga choyamba chinawapeza m'nthiti asanamalize kuyankha. Anagwa m'matope, alonda nawakwera pamsana, kuwang'amba malaya ndi kuwamangirira manja pachipika cha bulugamu chimene chinkadikira kulowa pamoto. Chikoti cha mvuu sichilira ngati ndodo. Chimati tswii m'mwamba, kenako chimamveka ngati nsalu yonyowa ikumenyedwa pamwala. Mzere woyamba pamsana pawo unatuwa, wachiwiri unatseguka. Magazi anatsika m'nthiti kusakanikirana ndi phulusa. Amuna ena aja anawagoneka pambali pawo n'kuwakwapula nawonso, koma a Jailosi ankabwererabe kwa bambo, akuti ndiwo anaika nzeru zopusa m'mitu ya anthu. Bambo sanalire. Ankangobwereza kuti, "Kafunseni bwana. Bwana sakudziwa zimenezi." Atatembenuza nkhope kuti anenenso, nsonga ya chikoti inawalowa m'diso lamanzere.

Ndinaponya mbale ya chinangwa ndi kulumphira mlonda wina, n'kumuluma pamkono mpaka ndinamva mchere m'kamwa. Anandikutumula ngati kambuzi, ndinakagwera pamulu wa nkhuni. Akatekisiti anabwera akuthamanga, mkanjo uli m'manja, koma anapeza zatha. Uvuni unapulumuka chifukwa amayi a m'mudzi, akulira chomwecho, anatola nkhuni okha n'kumasonkhezera mpaka njerwa zinapsa.

Bwana ankadziwa. Tinazindikira patapita masiku ochepa, alonda atabweranso ndi mawu akuti a Namakhwa achoke pamalo pake. Bambo anali chigonere chafufumimba, mayi akuwathira mankhwala a masamba pamsana. Alondawo anawakokera panja pamphasa pomwepo. Anazula nsanamira za nyumba yathu, denga linagwa, naliyatsa ngakhale udzu unali wonyowa, ndipo utsi wake unali wakuda, wotsamwitsa. Anaswa mitsuko ya mayi umodziumodzi. Chimanga chimene chinali chitangomera anachipondaponda, nkhuku zathu n'kuzipotokola makosi kupita nazo. Abambo a kumishoni anakwera njinga kukatipepesera ku esiteti, koma anabwerako opanda kanthu, nkhope ili yofiira ndi mkwiyo.

Amene anatilandira anali mnzanga wa dzina uja, a Sisiliya aakulu, ku Milepa. Sanafunse mafunso. Anatulutsa mbuzi m'kanyumba kena, nasesamo, natiyalira mphasa. Msana wa bambo unapola pang'onopang'ono, koma diso linayera osaonanso. Kuyankhula kokoma kuja kunatha. Ankakhala kuseri kwa nyumba ndi kankhwangwa kawo kosemera mipini, kukanola pamwala, kukayesa pachala, kukanolanso. Ndinkawaopa. Ndinali ndisanawaopepo.

Khirisimasi ili pafupi, kunamveka kuti kumishoni adzadalitsa mwala wa maziko wolembedwa dzina la sukulu, ndipo Chandevu adzakhalapo. M'mawa wa tsikulo bambo anavala jekete lawo lakale, lokhalo limene linapulumuka pamoto, ngakhale kunkatentha. Kumanzere kwa jeketelo kunali kotukuka. Mayi anaona, ine ndinaonanso. Mayi sanakangane nawo, poti ankadziwa kuti mawu atha ntchito. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundigwira mapewa.

"Sisiliya, bambo ako akakhudza mzungu uja, aboma awapachika. Pita nawo. Uwagwire dzanja lamanja. Akukalipire, akumenye, usalisiye. Wamva?"

Bambo ndinawapeza pakanjira ka m'chimanga n'kulowetsa dzanja langa m'dzanja lawo. Anandiuza kuti ndibwerere. Ndinakana. Anathyola kanthambi n'kundikwapula m'miyendo, koyamba chibadwire changa, koma ine ndinangokakamira ngati nkhupakupa, misozi ili mbwembwembwe. Anandiyang'ana ndi diso lawo limodzi, nataya kanthambiko, ndipo tinayenda ulendo wonsewo titagwirana manja.

Kumishoni kunali anthu ngati pamsika. Njerwa zathu zinali zitasanjidwa pambali pa maziko, zofiira bwino, zolira ngati chitsulo ana akazigogoda. Bambo anapyola pakati pa anthu, ndipo amene anawazindikira ankapatuka mwakachetechete. Tinakaima kutsogolo kwenikweni. A Jailosi anali mbali ina atavala kaki watsopano, maso ali pa ana oyimba. Chandevu anali pafupi moti ndinkamva fungo la fodya wa m'kaliwo wake. Ndinadabwa kuona kuti anali kamunthu kochepa, kokalamba, ka khosi lofiira. Dzanja la bambo linayamba kukwera cha pachifuwa, ine n'kumalikokera pansi ndi thupi langa lonse.

Abambo wansembe anachotsa nsalu pamwala, nawaza madzi odalitsa, nayankhula. Akatekisiti anamasulira. Anati tipempherere mzimu wa Elena, amene anamwalira chaka chatha ku Ulaya ndi matenda a chifuwa, ali mtsikana wa sukulu, naikidwa m'manda bambo ake asanafike. Anthu anang'ung'udza, pakuti palibe amene anatiuzapo kuti mwanayo anafa. Pamenepo Chandevu anagwada m'matope ndi buluku lake loyera. Anayala chikhatho pamwalapo, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka, ndipo anatulutsa kulira kosakongola, kwa munthu wosazolowera kulira. Khosi lake linali poyera, pafupi ndi ife kuposa wina aliyense. Kumbuyo kwathu amayi ena okalamba, amene ana awo anali ndi zipsera za chikoti chomwecho, anayamba kubuula pansipansi monga amachitira pasiwa.

Dzanja langa linkawawa ngati laphwanyidwa ndi mwala, koma sindinasiye. Sindikudziwa kuti tinaima choncho nthawi yotalika bwanji. Kenako ndinamva bambo akupuma mwamphamvu, nayankhula motsitsa, osati kwa ine kwenikweni.

"Kani ndi maliro. Ife tinkati tikuumbira mwana, chikhalirecho tinkaumba chiliza." Kenako anatembenukira kwa ine. "Pamaliro sakhetsa magazi. Tiye, mama."

Anavula chipewa, nakhala pansi kanthawi monga amachitira munthu wodzapepesa, kenako tinanyamuka. Chandevu sanatembenuke. Ndikhulupirira kuti mpaka imfa yake sanadziwe kuti kunali munthu wotchedwa Namakhwa.

Sukuluyo inamangidwa, yokongola, ya mawindo a magalasi. Ine sindinaphunziremo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa ku Milepa kunali kutali ndipo tinali ndi munda watsopano woti tiswe mphanje. Kuwerenga ndinakaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, ndili kale namwali. Masiku ano nyumbayo ili pakati pa nyumba zina zazikulu, mophunzirira anyamata ndi atsikana a maphunziro apamwamba, ndipo alendo akabwera amauzidwa za mzungu wachifundo amene anaipereka. Sindiwatsutsa. Malata anaperekadi, ndipo mwana wake anamuliradi, ndinaona ndi maso anga.

Titafika kunyumba tsiku lija, mayi anandikumbatira nandiuza kuti ndapulumutsa bambo anga. Ndinakhulupirira, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadzitama kwa anzanga kuti ndinagonjetsa mwamuna wamkulu ndi dzanja limodzi. Zala zanga zinatupa mpaka a Sisiliya aakulu anazimanga ndi timitengo, ndipo chala chaching'ono chinapola chokhota, n'chokhotabe lero. Ndinachita kukula, kubereka, ndi kugwira timanja ta ana anga, kuti ndiyambe kudzifunsa. Kamtsikana koonda ngati ine, munthu woponda dothi chilimwe chonse akanakataya kumbali ndi chigongono chokha. Komanso wogwira mnzake sathyoka chala, amene amathyoka ndi wogwidwayo. Pamaso pa mwala uja, bambo ndiwo ankandigwira ine, ndi mphamvu zawo zonse, kuti dzanjalo lisapeze mpata wolowa m'jekete.