Sipika ya pa Kanjira ka Matabwa

"Iwe Isake, pakamwa pakopo padzakupha! Bambo anga unawatenga kukaona nyanja kapena kukagwira ganyu?"

Ameneyo ndi Joice, msuweni wanga, kundikalipira pa siteji ya Nkando pomwe ndimaitanira minibasi. Kukalipira ine amene munthu sandiposa mawu!

Malume anga a Fanuel asenza katundu wa alendo kuchokera pa Likhubula kukwera phiri kwa zaka makumi atatu. Khosi ngati chitsa, mawu ochepa. Chomwe ankalakalaka chinali chimodzi: kuona nyanja yamchere imene mayi awo ankaisimba m'Chilomwe. Mawondo atayamba kuvuta, ndinati tiyeni malume, ndikuperekezeni mphamvu zikadalipo. Tinadutsa pa boda ya Muloza mpaka kuseri kwa Quelimane.

Malo ake ngodabwitsa. Nyumba zopaka utoto uliwonse, anyamata amadiredi akujambula zithunzi, azimayi akuvina opanda nsapato masanasana. Kuti ufike kumadzi umayenda pa kanjira ka matabwa kodutsa pamwamba pa matope. Malume anavula chipewa, manja kumbuyo, akuyenda pang'onopang'ono, pamutu popanda kanthu. Ndinali ndisanawaonepo akuyenda chotero.

Ndiye tinapeza anyamata anayi oimba akulimbana ndi chisipika, chikuwakanika. Pakamwa panga panayabwa. M'Chipwitikizi changa cha pa boda ndinakuwa: "Anayi! Manyazi mulibe? Madala awa amakweza phiri zoposa izi, okha!" Anaseka. Ndinapsa mtima, ndinalumbira kuti achisenza chisipikacho, anthu anaunjikana.

Malume anandiyang'ana kamodzi. Sakanandichititsa manyazi pagulu. Anapinda jekete lawo kukhala nkhata, nati, "Nditwike, Isake."

Anasenza, mafoni akuwajambula, ine patsogolo kukuwa ngati ndikuitanira ya ku Limbe. Potula kumapeto kwa matabwawo, bondo linagonja. Anakhala pansi, nyanja ili kuseri kwa chimulu cha mchenga, ukungomveka mkokomo. Tinachita kuwanyamula kubwerera kumsewu. Madziwo sanawaone.

Chibwerereni sanandidzudzulepo, ndipo n'zimene zikundidya. Ndinayesa kumuuza Joice kuti olakwa ndi anyamata aulesi aja.

"Anyamatawo ndiwo anawatenga pakhomo? Dzulo adzukulu awafunsa kuti nyanja ndi yotani, iwo angoti imalira ngati chigayo. Kwera minibasi yakoyo, tiye ku Likhubula. Ukaime pamaso pawo, unene wekha amene anawasenzetsa!"