Mwala wa Atate pa Chigalimoto cha Feliksi

Tinanyamuka ku Chipata Lachisanu, seveni koloko itangokwana, mwala wa chiliza cha atate uli kumbuyo kwa pikiapu ya mng'ono wanga Feliksi. Ndineneretu: mwalawo ndinauvutikira ndine. Mawu olembapo ndinasankha ine, kumudzi ndinapita katatu kukamanga maziko pamanda. Koma kaveni kanga, kagalimoto kamene kanyamula amayi zaka khumi, sikakanatha kusenza mwala wotero. Ndiye Feliksi anatulukira kuchokera ku migodi ndi chigalimoto chofiira, chokwezedwa m'mwamba, matayala ngati a thirakitala, komboni yonse ya Kapata n'kutuluka m'nyumba kudzaona.

Amayi anachita kupondera kampando ka m'khichini kuti akwere. Atakhala kutsogolo anasisita mpando, nati chibadwire sanakwerepo galimoto yofewa chotere. Zaka khumi zanga zija zinathera pomwepo. Ine ndinali pampando wakumbuyo, chikwama cha masipanala pamiyendo, nsanje itandigwira. Sindibisa ayi.

Ine ndine makaniko, ndipo maso a makaniko sagona. Pomanga mwala ndi zingwe ndinali nditasuzumira kuseri kwa tayala lakutsogolo lakumanzere. Chitsulo cha mkati mwa madigadi, chophimba pamwamba pa tayala, chinkang'anima, penti atachoka, kusonyeza kuti tayala limakhula pamenepo ukapinda chiwongolero mpaka kumapeto. Paipi ya mabuleki nayo inali itakokeka ngati chingwe choyanikapo zovala. Amene anakweza galimotoyo ku Lusaka anangoika zokwezera ndi matayala akuluakulu, zina zonse n'kuzisiya momwemo. Ntchito yake sikanandidyera ola. Koma dzulo lake Feliksi anali atauza anthu kuti galimoto yake saipereka kwa amakaniko a pansi pa mtengo, pamene galaja langa lili pansi pa mtengo wa mango. Ndinatseka pakamwa, mumtima n'kumati tiyeni tione.

Pa tala galimoto inkachita kuuluka. Tinaima pa Madzimoyo kugula vitumbuwa, makwacha awiri chimodzi, votentha bwino. Mayi wogulitsa anafunsa Feliksi ngati akufuna kudzaima pa chisankho. Ine anandifunsa ngati ndine kondakitala wake. Ndinangodya chitumbuwa changa. Pomwepo mphunzitsi wina wa ku Chiparamba, wopita kwa apongozi ake, anapempha kuti timutengeko. Anakhala pafupi nane, jekete lili mbuu ndi choko, ndipo njira yonse ankatamanda galimoto. Naye yemwe, abale.

Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa ku Kasenengwa, phokoso linayamba. Pokhota paliponse, khwee, khwee. Amayi anafunsa ngati pansi pali nkhanga. Feliksi anati ndi mchenga chabe, n'kukweza wailesi. Anandiyang'ana kamodzi pagalasi, ine ndinayang'ana minda ya thonje.

Cha m'ma naini koloko tinafika pa kamtsinje kouma kamene timawoloka tisanafike kwathu. Msewu pamenepo umatsetsereka n'kukhota mwamphamvu kuzemba thanthwe. Feliksi anapinda chiwongolero mpaka kumapeto, tayala linaponda mtumbira n'kulowa m'mwamba, mano ake n'kuluma chitsulo chija. Chiwongolero chinakana kubwerera. Galimoto inapendekeka, tayala limodzi linagwera m'ngalande, kumbuyo n'kumveka kuti gu!

Palibe anavulala. Amayi anangofumbata kolona yawo. Ine ndinalumpha kukaona mwala. Unali utasendera n'kugunda chitsulo cha bodi, ngodya yakumtunda itabenthuka, kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi, pamwamba penipeni pa dzina la atate.

Feliksi anabwera chipewa chili m'manja.

"Akulu, pepani. Ndithandizeni."

Mawu amenewa ndinali nditawadikira chifikire iye, koma atabwera sanandikomere n'komwe.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Bambo wina wa ngolo anatikoka ndi ng'ombe zake, akuseka kuti ng'ombezo sizinakwezedwepo ku Lusaka koma zimawoloka pamenepa tsiku lililonse. Titafika pamalo osalala ndinapempha choko kwa aphunzitsi aja. Ndinapaka m'mphepete mwa tayala, ndinauza Feliksi akwere nalo pamwala wina wa m'mbali mwa msewu pang'onopang'ono uku akupinda chiwongolero mbali zonse. Choko chinasiya mzere woyera pamene pankakhula, pa mkombero wa chitsulo mkati mwa madigadi. Ndinaika jeki, ndinachotsa tayala, ndinatenga hamala. Feliksi anayang'ana kumbali.

Hamala yoyamba inali ya ntchito. Yachiwiri ndi yachitatu, Mulungu andikhululukire, zinali za kondakitala uja ndi za pansi pa mtengo. Chitsulo chinagona bwinobwino. Kenaka ndinatalikitsako mabauti oimitsa chiwongolero, kumanzere ndi kumanja, kuti chizilekeza tayala lisanafike pachitsulo.

Nditagwira paipi ya mabuleki, kukoma konse kwa hamala kunatha. Inali itadyeka mpaka ulusi wamkati kuonekera. Mabampu ena awiri kapena atatu ikanaphulika, ndipo pamwamba pake penipeni ndi pamene panakhala amayi kuyambira ku Chipata. Ndinamasula kachitsulo koigwirira, ndinakapinda kuti paipi ipeze mpata kutali ndi tayala, ndinaikulunga ndi mphira ya chubu cha tayala. Ndinamuuza Feliksi kuti iyi ndi yongotifikitsa, Lolemba tikagule yaitali, komanso kuti galimoto yake tsopano izikhota motalikira ngati basi. Sanatsutse. Mwala tinausunthira kutsogolo, n'kuugoneka pa tayala lapadera ndi mphasa ya amayi.

Tinalowa m'mudzi wani koloko, popanda khwee ndi kamodzi komwe. Azimayi analuluta, ana anathamangira chigalimoto. Amalume ataona ngodya ija anapukusa mutu nati misewu ya kuno idzatimaliza, onse n'kuvomereza kuti ndi msewu. Apo Feliksi anaimirira pamaso pa anthu.

"Pakanapanda akuluwa, bwenzi pano tikunena zina. Galimoto ndi yanga, koma atifikitsa ndi iwowa."

Anthu anandiombera m'manja, mpaka amalume anandipatsa mpando wawo. Zimene ndinkazilakalaka sabata yonse zinabwera zonse tsiku limodzi, ine n'kumangoyang'ana pansi.

Madzulo mmisiri akuimika mwala pamaziko aja, amayi anaima pafupi nane. Anayendetsa chala pamalo obenthukawo nthawi yaitali, kenaka analankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Gabiliyele, ndinakuona ukusuzumira pansi pa galimoto ku Chipata."

Mpaka lero sanazitchulenso.

Loweruka ansembe anadalitsa chiliza, kwaya inaimba, anthu anatamanda mwala kuti ndi wokongola. Lolemba Feliksi anabweretsa chigalimoto chake pansi pa mtengo wa mango, tinaika paipi yaitali. Chimene ndinaphunzira n'chakuti makaniko akaona vuto n'kukhala chete, waononga ndi iyeyo, asanamizire msewu. Kachidutswa ka mwala kaja ndinakatola pamtsinje, kali m'chikwama cha masipanala. Ndikapita kumanda, abale anga amawerenga dzina la atate. Ine maso anga amayamba agwera pangodya paja.